Kampeni ya Aujeni

Mayi Agness Mwakibinga anaimva nkhaniyo ali kukhitchini, manja ali mbuu ndi ufa wa keke. Kawailesi kawo kamakhala pawindo, ndipo nkhani za masana zitayamba, dzina loyamba kutulukamo linali la amuna awo.

"Khoti lalikulu ku Lilongwe lachenjeza a Lemson Mwakibinga, omwe akutsogolera kampeni ya Chipani cha Mlatho, kuti akadzangotchulanso pagulu dzina lomwe khotilo linaletsa, adzakagona kundende pa mlandu wonyoza khoti."

Anazimitsa uvuni keke isanapse n'komwe, nakhala pampando.

Nkhani yake inali yoti ukaimva koyamba umaseka. Munthu amene chipanicho chinamusankha kuti apikisane nawo pa mpando wa pulezidenti ankadziwika dziko lonse kuti ndi a Mackford Chalimba. Kampeni itangoyamba kutentha, kunatulukira mkulu wina wochokera kumudzi, msuweni wawo, n'kukauza khoti kuti dzinalo ndi lake. Akuti kalelo, anthu akamabwereza Sitandade 8 kawirikawiri pofuna malo ku sekondale, mnzakeyo, yemwe anabadwa ali Orton, anabwereka dzina lake n'kukalembera mayeso kusukulu ina. Mayeso anakhoza, dzina sanabweze. Maloya a mbali inayo anati munthu wa dzina lobwereka sangaime pa chisankho. Woweruza anati aiunika bwino nkhaniyo, koma kufikira tsiku la chigamulo, a kampeni asatchule kapena kulemba dzina la Mackford Chalimba pagulu. La Orton nalonso sakanalikhudza, poti kutero kukanakhala kuvomera mlandu.

Motero chipani chinatsala ndi munthu wa mutu wake, mapazi ake, madigiri ake, koma wopanda dzina. Malaya ndi nsalu za chipani anazitsekera m'chipinda. Zikwangwani za pa raundabauti ku City Centre anazipaka penti yakuda mmunsi, kunangotsala nkhope ikumwetulira yokha ngati sikudziwa zomwe zaichitikira. Makondakitala a minibasi sachedwa. Iwo ndiwo anayamba kumati, "Mukavotera Aujeni?" ndipo sabata isanathe tauni yonse inali pa Aujeni.

A kampeni onse anazolowera kupatula mmodzi. Bambo a Tuntu, monga Mayi Agness ankawatchulira amuna awo potengera mwana wawo Tuntufye, anali munthu wa pakamwa. Anagwira ntchito zaka zambiri ku Capital Hill akulembera anthu ena zokalankhula, ndiye atapuma n'kupatsidwa maikolofoni yawoyawo, zinali ngati mwatsegulira mbuzi m'khola mmawa. Chinanso, munthu wa dzina loletsedwayo anali mnzawo wa kukoleji, wogona naye chipinda chimodzi. Dzina lake linamera palilime ali anyamata. Sabata yathayo, pa pologalamu ya pawailesi, linangopulumuka lokha, ndipo n'chimene khoti linakwiyira.

Mayi Agness sankaganiza za chipani. Ankaganiza za shuga wa amuna awo, za mapiritsi a mmawa omwe ankachita kuwaikira pambali pa kapu ya tiyi, za mmene manja awo amanjenjemera chakudya chikachedwa. Kundende ya Maula ndani angamawerengere munthu nthawi ya chakudya?

Galimoto inalira pageti la nyumba yawo ku Area 14 dzuwa litapendeka. Bambo a Tuntu analowa jekete lili paphewa, kumbuyo kwawo kuli Zondiwe, loya wa chipani, yemwenso anali mwana wa mlongo wawo.

"Mayi a Tuntu, mwamva? Ndatchuka!"

"Ndamva. Keke yanga yafa nazo."

"Anti, ndithandizeni," anatero Zondiwe akuponya chikwama pa sofa. "Ankolo samva. Loweruka ali ndi msonkhano ndi amalonda ku Old Town, ndipo a mbali inayo adzakhala kutsogolo mafoni ali m'mwamba. Ndawauza kuti atume wina."

"Ndituma ndani? Wachiwiri wanga Greenwell? Amene uja akayamba kulankhula ngakhale nkhuku zimakalowa m'khola. Iwe Zondiwe, taona. Tilibe malaya, tilibe zikwangwani, nyimbo zonse tinaimba muli dzina. Chatsala ndi pakamwa pangapa. Msika ndi msika, benchi ndi benchi, mpaka aliyense wogulitsa tomato atidziwe. Mack akudalira..."

"Ankolo!"

"Aaa, m'nyumba mwanga muno ndi pagulu?"

"Lilime silidziwa kuti pano ndi pabalaza, apo ndi pamsika," anatero Mayi Agness chapansipansi, akupukuta manja pa chitenje.

Zondiwe anawayang'ana kanthawi, mutu uli chopendeka.

"Anti, kodi inuyo munayamba mwawatchulapo ankolo dzina?"

Mayi Agness anayang'ana pansi. Amene anayankha ndi amuna awo, ndipo anayankha pang'onopang'ono ngati munthu amene watola chinthu chomwe wakhala akuchiponda tsiku ndi tsiku.

"Ayi ndithu. Chikwatirane. Ndikudwala kuchipatala, namwino akufunsa dzina la wodwala, mayi awa anangopisa m'thumba mwanga n'kumupatsa chiphaso." Anaika jekete pampando, nagwada bondo limodzi pakapeti, bondolo likulira. "Aphunzitsi, ndabwera kudzalembetsa sukulu."

"Dzukani apo, mundichititsa manyazi pamaso pa mwana."

Kwawo ku Karonga, azakhali amene anawalangiza asanalowe m'banja sanachulutse mawu. Anati dzina la mwamuna wako si ndiwo zoti uzilawa pakamwa, ndipo la apongozi ako aamuna ndiye usaliyandikire n'komwe, ngakhale mawu ofanana nalo uziwalambalala. Tsoka ilo apongoziwo anabwera kuchokera ku migodi ndi dzina loti Supuni, ndipo linawakanirira mpaka kumanda. Ndiye m'nyumba ya a Mwakibinga munalibe supuni. Munali tizitsulo. Tuntufye anakula akuti "ndipatseni kachitsulo," mpaka anzake a ku sekondale anamuseka nazo temu yathunthu. Amayi anzawo a kutchalitchi ambiri anazisiya kalekale zimenezi, ena ankawaitana amuna awo "dadi," ena "hane." Mayi Agness sankawaweruza. Kungoti iwo pakamwa pawo panali patazolowera njira yake, ngati phazi lodziwa pamene pali dzenje pabwalo.

Sukulu inayamba madzulo omwewo pa tebulo.

"Inu mumalakwitsa pomanga lilime," anatero Mayi Agness. "Mukamati 'ndisatchule, ndisatchule,' ndiye kuti mwalitchula kale mumtima, langotsala kutuluka. Munthuyo mumpezere pena pokhala. Mukamuganiza, azibwera atavala kale dzina linalo."

"Aujeni?"

"Ayi. Ujeni ndi chinthu chomwe waiwala. Mungamutche mnzanu ujeni? Mwana wawo woyamba ndani?"

"Tamando."

"Basi. Ndi bambo a Tamando."

Zondiwe anatulutsa foni nawerenganso chiletso cha khoti mzere ndi mzere, milomo ikugwedera. Atamaliza anaseka. "Palibe paliponse pamene aletsa dzina la mwana."

Bambo a Tuntu anali ataimirira kale. "Bambo a Tamando! Mukumva mmene likukhalira? Munthu wa banja! Munthu woti anasinthapo thewera! Mayi aliyense pamsika amva ngati ndi neba wake." Anatuluka pakhonde foni ili kukhutu, ndipo Mayi Agness anawamva akuuza Greenwell kuti, "Ndakhala ndikuganiza mozama, ndipo ndapeza njira." Anangomwetulira n'kuyamba kuchotsa mbale. Amuna awo anali otero. Nzeru akaikonda ankailera ngati yobereka okha.

Masiku otsatirawo nyumba inasanduka bwalo la msonkhano. Bambo a Tuntu ankaima kumutu kwa tebulo n'kumalankhula kwa mipando. Tuntufye, yemwe ankangokhala pakhomo kudikira zotsatira za mayeso a Fomu 4, anapatsidwa udindo wokhala munthu wovuta wa m'gulu. Mayi Agness ankakhala pambali ndi kapu ndi kachitsulo, dzina likangoyamba kusuzumira, ngee!

"Adadi, feteleza atsika liti?"

"Bambo a Tamando akangolowa m'boma, mwana wanga."

"Nanga bambo a Tamandowo anabadwira kuti?"

"Bambo a Tamando anabadwira m'mudzi ngati iwe ndi ine."

"Ine ndinabadwira ku Area 18."

"Khala chete, ndiwe wa chipani chanji iwe?"

Pofika Lachinayi kapu inasiya kulira. Bambo a Tuntu ankati bambo a Tamando posamba, bambo a Tamando pomanga tayi, mpaka popempherera chakudya. Anayamba kudzitama kuti amaliza sukulu, akufuna satifiketi. Koma Mayi Agness anali atakhala nawo nthawi yaitali. Ankadziwa kuti munthuyu sapunthwa akamaseka. Ndiye madzulo a tsikulo, ali awiriwiri pakhonde akusenda mtedza, anafunsa mofatsa ngati akufunsa za mvula.

"Koma bambo a Tuntu, nanga ngati n'zoona kuti mnzanuyo anaba dzina?"

Amuna awo anavula magalasi. Nthawi zonse mtima ukawawira ankayamba ndi kuvula magalasi, ngati akufuna kumenyana ndi munthu asakumuona.

"Kuba? Mackford sanabe kanthu! Mackford..."

Panalibe kapu pafupi. Mayi Agness anangowayang'ana, ndipo iwo anamva okha. Anapukuta magalasi aja ndi nsonga ya malaya.

"Theka la anthu amene ndinkagwira nawo ntchito ku Capital Hill analemba mayeso ndi maina a abale awo," anatero patapita nthawi, mawu atatsika. "Malo ku sekondale anali ochepa ngati nyama ya pamaliro. Ine sindikudziwa chimene chinachitika kumudzi kwawo, sindinaliko. Chimene ndikudziwa n'chakuti nditakomoka ndi malungo ku koleji, amene anandibereka kumsana mpaka kuchipatala ndi yemweyu. Ndiye wina azimutcha wakuba ine ndili chilili?"

"Azimutcha. Inu n'kumabwera kunyumba kudzadya."

"Mumalankhula ngati n'zophweka."

"Sizophweka. Mukuganiza kuti ine simunandikwiyitsepo mpaka kufuna kukutchulani dzina lonse ndi la agogo anu omwe?"

Anaseka onse awiri, koma Mayi Agness mtima sunakhale pansi. Kunena zoona, iwo sankadziwa n'komwe ngati bambo a Tamandowo adzawavotere. Ankawaona ngati munthu wabwino wokonda kuchedwa pa maukwati. Zimenezi sanauzepo munthu. Chimene ankafuna n'chakuti Loweruka madzulo amuna awo adzavule nsapato pakhomo lawo lomweli.

Loweruka mmawa Mayi Agness anavala chitenje chosakhala cha chipani chilichonse natenga basiketi.

"Mukupita kuti?" anafunsa bambo a Tuntu. Ankadziwa kuti akazi awo sanapondepo pa msonkhano wa ndale.

"Kukagula mazira. Mundisiye ku Old Town."

"Mazira atha ku Area 14 konse?"

"A kwa Esnati ndi aakulu."

Msonkhano unali pabwalo lafumbi kuseri kwa msika, pafupi ndi pokwerera mabasi. Panalibe nsanja. Anangoimika kalole, n'kuika zokuzira mawu ziwiri pamwamba, ndi nsalu yojambulidwa mlatho popanda chilembo chilichonse. Dzuwa linali la mu Ogasiti, mphepo ikuulutsa timapepala ta pulasitiki. Fungo la tchipisi linkasakanikirana ndi utsi wa njinga zamoto za kabaza. Anthu anabwera ndithu, ena ndi malonda awo pamutu: a kaunjika, a tomato, a nsapato, anyamata a mawilibala atakhala m'mawilibala mwawo momwemo ngati m'masofa.

Mayi Agness anakaima kumbuyo, pambali pa Esnati, mayi wa mazira yemwe ankawagula kwa zaka zambiri. Esnati analinso wapampando wa amayi a mumsika, ndiye anali ndi kachimkuzamawu kake ka m'manja kokhazikitsira anthu bata.

"Mayi a keke! Lero mwalowa ndale?"

"Ndabwera kudzagula mazira."

"Eee, mazira ake ndi awo akukwera pa lolewo," anatero Esnati akuwagunda ndi chigongono.

Kutsogolo kwenikweni kunali anyamata angapo osaoneka ngati amalonda. Sankaseka, sankaomba m'manja. Mafoni okha ndiwo anali m'mwamba. Pakati pawo panali wina wovala jekete lachikopa, dzuwa lonselo.

Bambo a Tuntu anayamba bwino. Sanalankhule za chuma cha dziko kapena mawu aakulu a ku Capital Hill. Anafunsa kuti ndani pano katundu wake anapsapo ndi moto wa mumsika, manja anakwera. Anafunsa kuti ndani amachita kupirira tsiku lonse chifukwa choopa chimbudzi cha pamsika, amayi anaseka akubisa nkhope.

"Ndiye ndatumidwa ndi munthu. Dzina lake mukulidziwa, ine ndaliiwala dala. Ena mukumuti Aujeni. Koma ine ndikuti, munthu wa mwana wake satchedwa ujeni. Amene wandituma ndi bambo a Tamando!"

Nthungululu zinalira. Mawuwo anayenda m'gulu ngati moto wa paudzu, aliyense akuwalawa. Mayi wina wa nthochi anakuwa, "Tamandoyo ali pabanja? Ine ndili ndi mnyamata wanga wa kabaza!"

"Mayi, bweretsani ankhoswe tikatha kuvota!"

"Nanga pa pepala lovotera tikawapeza bwanji, poti sipakalembedwa Tamando?" anafunsa mkulu wina wosoka nsapato.

"Funso la nzeru, achimwene. Mukafufuze mlatho. Mukauona mlatho, chongani pomwepo, muoloke."

Mayi Agness anamva mapewa awo akutsika. Mwina ankadera nkhawa pachabe. Esnati anali atayamba kale kuvina pang'ono ndi mapewa.

Kenaka wa jekete lachikopa uja anakweza dzanja. Sanadikire kuti alozedwe.

"Bwana, ine funso langa ndi laling'ono. Munthu woba dzina la m'bale wake, akalowa m'boma sadzaba dzina la dziko? Tidzangodzuka mmawa tili ku Zambia!"

Anthu anaseka, ngakhale amene ankaomba m'manja aja. Nthabwala ikakoma ilibe chipani. Bambo a Tuntu nawonso anaseka, koma kuseka kwa mano okha.

"Mphwanga, nkhaniyo ili kukhoti. Tiyeni tikambe za zimbudzi."

"Ayi bwana, tikambe za wakubayo! Orton wakuba! Inu mukumubisa chifukwa mukudziwa kuti ndi mbava. Ngati si mbava, tiuzeni dzina lake. Tchulani ngati ndinu mwamuna!"

Anzake aja anayamba kuimba, "Wakuba! Wakuba!" mafoni akuyandikira kalole.

Bambo a Tuntu anavula magalasi.

Mayi Agness anasolola khosi. "Bambo a Tuntu!" anaitana, koma mawu awo anali a kukhitchini ndi a kwaya, sanafike ngakhale pa wilibala yachitatu. Ndipo pabwalo limenelo abambo anali ambirimbiri. "Inu!" anayesanso. Aliyense pamenepo anali inu.

"Iwe mnyamata," mawu a amuna awo anagunda m'zokuzira mawu. "Munthu amene ukumutukwanayo ndamudziwa iwe usanabadwe. Si mbava. Si Orton. Ukufuna dzina lake? Ndikuuza. Dzina lake ndi Ma..."

Mayi Agness sanadziwe kuti kachimkuzamawu ka Esnati kafika bwanji m'manja mwawo. Anangomva chala chikudina, ndi mawu achilendo, aakulu ngati a munthu wina, akung'amba bwalo lonse.

"Lemusoni!"

Kunangoti zii. Ngakhale a kabaza anatembenuka. Pamwamba pa lole, bambo a Tuntu anauma kukamwa kuli yasa, maso akufufuza m'gulu popanda magalasi. Mawu amenewo ankawadziwa, dzinalo ankalidziwa, koma zinthu ziwirizi anali asanazimvepo zili pamodzi.

"Ma... mayi a Tuntu?" anatero mu maikolofoni. "Ndinu?"

Mitu yonse inatembenukira kumbuyo. Mayi Agness anaima pomwepo, basiketi kumkono, chimkuzamawu pakamwa, nkhope ikutentha ngati ayandikira uvuni. Anafuna nthaka itseguke. Koma anthu ankadikira, ndipo chala chinali chikadali podina paja, ndiye ananena chinthu chokhacho chimene chinabwera.

"Valani magalasi. Ndiponso simunadye."

Bwalo linaphulika. Amayi anagwirana mapewa, anyamata a mawilibala akumenya zitsulo zawo, Esnati atakhala pansi penipeni misozi ikutsika. Wina anayamba kale kuthamanga ndi kathumba ka tchipisi kupita nako ku lole. Bambo a Tuntu anavala magalasi pang'onopang'ono, nawapeza akazi awo kumbuyo kuja, nawayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene munthu wa pa msonkhano amayenera kuyang'anira munthu mmodzi. Atatembenukira kwa wa jekete uja, mawu awo anali atabwerera m'malo.

"Abale anga, mwadzionera nokha. Amene aja ndi akazi anga. Dzina langa khoti silinaletse, koma chikwatirane, mwana wathu mpaka walemba Fomu 4, alitchula lero koyamba. Ine ndalidikira zaka zonsezi. Ndiye iwe mphwanga, wangobwera lero lomwe ndi jekete lako, ukufuna ndikupatse la mnzanga pompano? Dikira nawe!"

Wa jekete anayesa kukuwanso koma mawu ake anamira. Amayi a mumsika anali atayambitsa nyimbo yawoyawo yopeka pomwepo, ya bambo a Tamando ndi mayi a Tuntu, yosagwirizana bwino koma yaphokoso. Mafoni aja anatsika imodziimodzi.

Mayi Agness anabweza kachimkuzamawu osayang'ana Esnati kumaso, nakadikira m'galimoto mawindo ali otseka ngakhale kunkatentha.

Pobwerera, magalimoto anali atathithikana pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe monga mwa masiku onse. Ogulitsa zingwe za mafoni ndi nthochi ankadutsa pakati pa magalimoto. M'galimoto munali chete, chinthu chosazolowereka bambo a Tuntu akakhala pa chiwongolero. Mayi Agness ankayang'ana kunja. Ankamva ngati avula nsalu pakati pa msika. Ankaganiza za azakhali awo aja, omwe anagona kalekale ku Karonga, ndi za amayi a kutchalitchi omwe pofika mawa adzakhala ataionera kanemayo pa mafoni awo. Dzinalo linali likadali mkamwa, ngati nthanga ya chipatso yomwe sukudziwa kolavulira.

Foni inalira. Anali Zondiwe, ndipo bambo a Tuntu anaiika poti onse amve.

"Ankolo, ndaionera kanema yawo yomwe aitumiza. Ndaibwereza mpaka khutu kuwawa. Mwati 'Ma,' kenaka 'mayi a Tuntu.' Mulibe mlandu. Palibe woweruza angamange munthu chifukwa choitana mkazi wake." Anaseka. "Anti ali pomwepo? Anti, anthu akufunsa ngati mungaime nawo pa chisankho."

"Auze kuti ndili ndi makeke," anatero Mayi Agness, osatembenuka.

Foni itaduka, galimoto inasuntha pang'ono n'kuimanso. Bambo a Tuntu anakhosomola.

"Pepani," anatero. "Ndikudziwa chimene mwataya lero chifukwa cha pakamwa pangapa."

Mayi Agness anapitiriza kuyang'ana kunja.

"Koma mwalitchula molakwika."

Apa ndiye anatembenuka. "Molakwika?"

"Mwati Lemusoni. Ndi mmene ankandiitanira amayi anga akandipeza ndikuseweretsa moto.  Ndimati ndithawire kuseri kwa nkhokwe."

"Ndiye munali mukuseweretsa chiyani pamenepaja?"

Amuna awo anaseka mpaka wa minibasi ya kumbuyo anaimba hutala. Mayi Agness anayesetsa kuumitsa nkhope, koma inawakanika. Anabisa pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

"Tatchulaninso kamodzi. Pang'onopang'ono, popanda chimkuzamawu."

"Yang'anani kutsogolo, bambo a Tuntu, mugunda mwana wa eni."

Anaoloka mlatho, nadutsa masitolo a ku Old Town, msewu unayamba kupepuka polowera ku City Centre. Pa raundabauti nkhope ija inali ikumwetulirabe pamwamba pa penti yakuda. Bambo a Tuntu anaiyang'ana, kenaka anayang'ana akazi awo chakumbali.

"Chigamulo akuti mwina mwezi wamawa. Lachiwiri tili ku Kawale. Kumene kuja ndiye kuli anyamata a pakamwa poipa."

"Ndamva."

"Mwina mungafune kudzagulanso kanthu kumeneko."

"Lachiwiri ndili ndi keke ya ukwati, ya nsanjika zitatu. Ndiphike liti?"

"Ayi, ndimangonena."

Anakhotera mu msewu wa mitengo wa ku Area 14. Mlonda wa nyumba yoyandikana nayo anawakwezera dzanja. Atafika pageti, bambo a Tuntu anazimitsa galimoto n'kuyamba kufufuza makiyi a geti m'matumba onse, monga ankachitira tsiku lililonse. Mayi Agness anawatulutsa m'basiketi nawapatsa.

"Ku Kawaleko," anatero Mayi Agness akutsegula chitseko cha galimoto, "muyamba nthawi yanji?"